Figa Si Imeneyo, Amayi a Juniyo

Lolemba

Ndakwiya. Ndikulemba chiimirire, chifukwa ndikakhala pansi ndiphulika.

Ndatuluka mu shifiti miyendo ili ngati yobwereka, ndakwera basi, ndatsegula foni. Pa gulupu yathu ya Amalawi a ku tchalitchi pali voyisi ya amayi a Juniyo. Ati: "Amayi anzanga, ine sinditchula munthu. Koma pakati pathu pano wina akulowetsa mwana pa mpikisano wa figa. Mwana wa zaka 13! Kodi kuno tinabwerera zimenezi?"

Satchula munthu! Pa gulupu yonseyi wa mwana wamkazi wa zaka 13 ndani, ngati si ine ndi Tadala wanga?

Masewera a Tadalawa eni ake amati figa siketing'i. Mwana amavala nsapato zokhala ndi mpeni kunsi, n'kumayenda pa ayezi, kuzungulira, kulumpha. Basi. Amayi a Juniyo atola liwu loyamba lokha, linalo alisiya panjira. M'mutu mwawo mwadzaza chiuno ndi mbina.

Kukanakhala kunyoza kokha ndikanameza. Koma pali nkhani ya mpando.

Mu Dublin monse muno mulibe bwalo la ayezi lokhazikika. Pa wailesi akuti chuma chabwerera, kulikonse akumanga maofesi ndi mahotela, koma poti mwana aponde palibe. Lilipo la m'chitenti kuno ku Blanchardstown, la nyengo ya Khirisimasi yokha, ndipo Lamulungu likubwerali akuligwetsa. Kochi wa kumeneko akuti Tadala ali ndi mwendo, asasiye, azipita ku bwalo lenileni ku Belfast Loweruka lililonse. Ine Loweruka ndimakhala ndikusambitsa okalamba a eni ake. Galimoto ndilibe. Koma a Chikuse, amuna awo a amayi a Juniyo, amapita komweko Loweruka lililonse kukaperekera makasitomala ufa ndi usipa. Galimoto imadzaza matumba, mpando wotsala ndi umodzi. Mpando umenewo anatilonjeza pamaso pa anthu, mbale ya mpunga wanga ili m'manja.

Lero a Chikuse alemba: "Mayi, za mpando zija tiyeni tidikire kaye. Kunyumba kuno kwatentha."

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ndaimbira a tcheya a gulu lathu. Loweruka lino kuli msonkhano wathu wa chaka chatsopano ku holo ya parishi ku Finglas, ndipo andipatsa mpata zolengeza zikatha. Ndikawafotokozera mbiri yonse ya mpikisano wa ana a m'maiko onse umene Tadala amaulota usana ndi usiku. Kuyambira pachiyambi, mpaka wina achite manyazi.

Zofunika pofika Loweruka:
- kuloweza mbiri
- zithunzi zaulemu
- kusinthana shifiti ndi munthu
- kusatukwana aliyense

Chomalizachi sindikulonjeza.

Pakhomo napo landilodi wakhoma chikwangwani. Nyumba ikugulitsidwa, anthu azibwera kudzaona sabata yonse ino. Ati tisaphike zonunkha. Usipa wayamba kununkha lero, koma lendi yathu sinamununkhirepo!

Lachiwiri

Ndili pa ofu. Sukulu yayamba m'mawa, Tadala asanapite ku yake. Mphunzitsi ndi iyeyo, desiki ndi tebulo lositira, chifukwa m'chipinda chathu chimodzichi tebulo lenileni lingalowe pokhapokha bedi litatuluka.

Mwanayu mbiri ya mpikisanowu ali nayo pamtima ngati Atate Athu. Unayamba bwanji, unachitikira kuti, anagwa ndani. Ndimfunsa m'Chichewa, ayankha m'Chizungu, mothamanga ngati akuthawa galu. Chichewa amamva chonse, makamaka ukamamunena, koma pakamwa pake sichituluka.

Zimene ndatolapo.

Choyamba, ndipo apa ndavina ndekha. Figa ija si ya thupi ayi, ndi nambala! Kale ana ankajambula nambala eyiti pa ayezi ndi mpeni wa nsapato, ataima pa mwendo umodzi, n'kubwereza mzere womwewo osaphonya. Akamaliza, majaji, azibambo a majasi aatali, ankapita kukawerama, ena kugwada kumene, kuyang'ana mzerewo ngati ataya singano. Ndiye figa ndi eyiti. Amayi a Juniyo, mwamva? Eyiti! Masamu!

Chachiwiri chandinyansa. Kale malikisi apamwamba kwambiri anali sikisi. Mwana wadzuka m'bandakucha zaka ndi zaka, wazungulira m'malere, watera ndi mwendo umodzi pa mpeni, inu n'kumupatsa sikisi? Ife ku pulayimale ukabwera ndi sikisi unkalowa m'nyumba chozemba. Tadala akuti zimenezo anazisiya majaji atayamba kukondera, pano amawerengera mwanjira ina imene wandifotokozera mpaka mutu wanga kutentha. Kujambula eyiti nakonso anakusiya, ati owonerera ankagona. Anthu awa chilichonse chabwino amasiya.

Chachitatu: mpikisanowu ulibe kwawo. Chaka chino mzinda uno, chaka chamawa dziko lina, kumangosamukasamuka. Ndamuuza Tadala kuti ndiye ndi mbale wathu ameneyo, ifenso ino ndi nyumba yachingati? Sanaseke.

Ndafunsa ngati a ku Africa amapitako. Ati ochepa kwambiri. Ati wa ku Malawi sanamuonepo. Wanena akumanga zingwe za nsapato, osandiyang'ana.

Masana kwabwera odzaona nyumba, ejenti ali patsogolo ndi makiyi ngati woyang'anira ndende. Mkazi watsegula wadiropu yanga osapempha. Wadiropu si ya nyumba iyi, ndinagula ndekha! Wapeza nsapato za mipeni zili pamwamba pa thumba la usipa, watseka msanga. Ndiye kwa mwamuna wake: ati chipinda chino chingakhale bwino cha galu. Ine ndili pomwepo, mbiri ya maiko onse ili m'manja.

Madzulo foni ya ku Lilongwe. Achemwali anga: "Tamva kuti Tadala mwamulowetsa za figa. Amayi sakudya."

Koma abale inu! Nkhani yawoloka nyanja tsiku limodzi, yopanda viza. Ine mapepala anga ndinadikira mpaka imvi kutuluka.

Lachitatu

Vuto latsopano. Masewerawa m'Chichewa ndi chiyani? Ndikangotchula figa pa holo paja, makutu onse atsekeka. Ndakhala ndikuyesa mawu m'mutu uku ndikudyetsa agogo ena phala kuntchito.

- Kutsetsereka pa ayezi. Zikumveka ngati minibasi yaduka mabuleki.
- Kuvina pa madzi oundana. Amayi a Juniyo akamva kuvina aona kale bala ndi magetsi ofiira.
- Kuthamanga ndi mipeni. Apolisi.

Agogo aja afunsa chifukwa chake supuni yaima m'malere. Ndawauza. Ati iwo ali mtsikana ankaterera pa dziwe likaundana, atavala nsapato za bambo awo, ndipo palibe anaitanitsa msonkhano. Ndati gogo, inu munalibe gulupu.

Nditaweruka ndapita kwa Bambo Mfumu okalamba aja. Mzungu wa konkuno, koma anakhala ku Dedza zaka zambirimbiri, Chichewa chawo ndi cha makolo, chija cha miyambi imene ngakhale ife tinaiwala. Amva nkhani yonse, aseka mpaka kutsokomola. Ati: "Mwana wanga, usade nkhawa. Liwu lake ndi kuterereka. Ine ndikulengezera."

Ndikanadziwa ndikanawalanda foni.

Ndikufika pa siteji ya basi, uthenga uli kale pa gulupu: "Loweruka tonse tibwere. Amayi a Tadala adzatifotokozera mbiri ya ana oterereka a m'maiko onse, ndiponso mmene mwana wawo anayambira kuterereka."

Mayo ine! Bambo Mfumu! Mtsikana woterereka si uja wapatsidwa mimba?

Foni yalira mpaka batire kutha. Timanja topemphera mbwee! "Pepani mayi, ana a kuno ndi choncho." "Limbani mtima, tonse tili ndi ana." Wina wafika pofunsa: "Yakwana miyezi ingati?" Miyezi ingati! Mwana wanga amagona atakumbatira chidole! Winanso wanditumizira nambala ya mbusa wochotsa ziwanda, ati ndipite ndi diresi la mwanayo.

Amayi a Juniyo alemba mawu awiri okha: "Ndinanena ine."

Sanathere pomwepo. Amva kuti mpikisanowu pachizungu amati ndi wa majuniyo, kutanthauza ana amene sanafike pa gulu la akuluakulu. Voyisi ina: "Ndipo dzina la mwana wanga mulichotsemo m'zimenezo. Juniyo wanga ndi wotumikira pa Misa."

Juniyo wawoyo! Chimnyamata cha zaka 15, phazi ngati bwato, chimene chinagwa ndi kandulo pa guwa tsiku la Khirisimasi, pansi pali kapeti youma gwa. Ndani angamufune pa ayezi?

A tcheya aimba okondwa. Ati anthu alonjeza kubwera ambiri kuposa misonkhano yonse, tiwonjezere mpunga. Akubwera kudzaonera manyazi anga atanyamula mbale.

Tadala sindinamuuze. Wandifunsa chifukwa chake ndikutsuka mapoto otsukatsuka kale.

Lachinayi

M'mawa sitima ya ku Balbriggan, kukaona fulati. Ndati ndilowezere mbiri m'njira, koma wina wandiponda phazi kuyambira m'tauni.

Ndafika. Mzere wayambira pakhomo, wakhota pakona, wadutsa shopu ya nyama, ngati wa chimanga chaka cha njala. Manesi, madalaivala, eni dziko enieni atakumbatira mafayilo. Fulati yake chipinda chimodzi. Shawa yayang'anana ndi chitofu, ukhoza kusamba uku ukuvundula phala. Khoma lamera ndevu zakuda. Ejenti ati: "Tidzakuimbirani." Odzaimba ndi angelo.

Mumzere muja ndimanong'ona ndekha: eyiti, majaji, sikisi, eyiti, majaji, sikisi. Mayi wa kutsogolo kwanga wasunthira chikwama chake kutsogolo.

Pobwerera ndapeza chinthu m'mbiri muja chimene chandiwawa. Mayina a opambana alipo onse. Makochi alipo. Ngakhale kalumphidwe kalikonse kali ndi dzina la mzungu amene anayamba kulumpha choncho. Koma amene ankadzutsa anawo, kuwaphikira, kuwapemphera malo m'galimoto za anthu, palibe pamene alembedwa. Ana onsewo ankafika bwanji ku bwalo? Ankagwa kumwamba ngati matalala? Loweruka ndikanena zimenezinso.

Masana kuntchito. Ndapempha mnzanga wa mu ofesi andisindikizire zithunzi. Makina atha inki ya mitundu, yatsala yakuda yokha. Tsono atsikana aja amavala zothina za mtundu wa khungu m'miyendo ndi m'mikono. Pa pepala lakuda ndi loyera, zovala zonsezo zasowa! Kwatsala mwana, mwendo uli kumwamba, ndi kansalu kosakwana kupukutira mphuno. Ine mwini nkhani ndaona ndati figa.

China ndi cha awiriawiri. Mnyamata wanyamula mtsikana pamwamba pa mutu ndi dzanja limodzi. Dzanjalo lagwira pati, sindilemba.

Zonse ndazing'amba, ndazikwirira m'bini pansi pa matewera.

Shifiti yasinthika, koma Mulungu ndiye adziwa. Mnzanga wa ku Zambia wavomera akuseka: "Amai, ine nizatenga Chiweru, imwe muzatenga Pasaka." Pasaka yanga yapita chifukwa cha khutu limodzi la amayi a Juniyo.

Mmene zilili pano:
- mbiri, theka
- zithunzi, m'matewera
- nyumba, palibe
- kusatukwana, kukupendekeka

Lachisanu

Zithunzi palibe, ndiye ndionetsa ndi thupi. Eyiti ndijambule ndekha, aone kuti nkhani ndi ya masamu.

Ndadikira anzathu a m'nyumba muno apite kuntchito. Mabanja atatu, khichini imodzi, kupeza pansi popanda munthu ndi mwayi. Ndavala masokosi a Tadala. Matailosi sakuterera, ndawaza kasopo ka mbale pang'ono. Pang'ono pokha! Mwendo umodzi m'mwamba, manja ndatambasula. Theka loyamba la eyiti layenda bwino mpaka ndadzitamandira mumtima kuti kani mwanayu anatengera ine. Theka lachiwiri, chitseko tsegu! Ejenti, ndi banja lina lodzaona nyumba.

Ine phii! Chagada, phazi m'kabati ya mapoto.

Ejenti sanaphethire n'komwe. Ati kwa alendo ake: "Monga mukuonera, khichini ndi yotakasuka." Mwamuna uja wafunsa ngati pansipa pamatuluka madzi. Palibe wafunsa ngati ndili moyo. Mtengo wa nyumba ukatsika, landilodi asandiyang'ane ine.

Chiuno chatupa mbali imodzi. Kafiga kamene ndinali nako kapita.

Madzulo Tadala wabwera maso ali psuu. Wamva zonse. Mwana wa a tcheya ali naye kalasi imodzi, wamufunsa pamaso pa anzake ngati n'zoona. Wamenyetsa chitseko, koma m'chipinda chimodzi ungathawire kuti? Iye wakhala kuseri kwa wadiropu, ine pa bedi, tikumvana kupuma.

Ati ndisakalankhule mawa. Ati ndamuchititsa manyazi, bola ndikanangokhala chete. Ndati mwana iwe, wayambitsa ndi ine? Ati zilibe kanthu wayambitsa ndani.

Kenako mawu atsika. Ati chitenti akugwetsa mkuja. Akapanda kupita ku Belfast ndiye kuti mpaka Khirisimasi inayo, miyendo idzakhala itaiwala, anzake adzakhala atapita patali. Ati nyumba timasintha, sukulu timasintha, anzake amasintha, pa ayezi pokha ndi pamene amadziwa poponda.

Zandilasa. Ndalira mwakachetechete nditayang'ana kudenga kuti asamve. Mwana uyu sanandipemphepo foni yodula. Sanandipemphepo chipinda chakechake, ngakhale amavalira kuseri kwa chitseko cha wadiropu. Wapempha mpando umodzi pakati pa matumba a usipa, ndipo ine mayi wake ndikulephera.

Ndamuuza kuti mawa ndikalankhula, afune asafune, ndipo iye abwere. Kenako ndamuona akuchapa masokosi aja, kuchotsa sopo wanga.

Loweruka

Holo yadzaza! Ena sindinawaonepo chibwerereni kuno. Amayi avala nkhope za pa maliro. Wina wandikumbatira kwa nthawi yaitali, maso ali pa mimba ya Tadala. Kumbuyo amayi a Juniyo ayala tebulo lawo la malonda, ufa, usipa, nyemba, akhala atapinda manja ngati jaji.

Zolengeza zatenga chaka. Ndiye a tcheya: "Tsopano tilandire mayi athu, alimbe mtima, atiuze zimene zawagwera."

Ndaimirira, chiuno chikukoka. Ndayang'ana anthu. Zonse ndinaloweza zija zathawa, psiti! M'mutu mwatsala eyiti yokha.

Ndapita pa tebulo la amayi a Juniyo, ndatapa ufa manja awiri. Ati: "Umenewo ngwogulitsa!" Ine osacheuka. Ndathira pansi pakati pa holo, ndajambula eyiti yaikulu yoti ngakhale a kumbuyo aione. Ndati figa imene mukunena ija ndi iyi. Amene akuona mbina apa aimike dzanja.

Manja onse pansi.

Kuchokera pamenepo pakamwa patseguka. Ndanena za mzere wobwereza, za majaji ogwada, za sikisi. Pa sikisi paja abambo ena akuwa: "Kuba kumeneko!" Ndanena za mpikisano wosowa kwawo, wongosamukasamuka, holo yonse yati eee, ngati ife tomwe. Ndanena za amayi osalembedwa m'mbiri, amayi awomba m'manja, ena akupukuta maso ndi nsonga ya chitenje.

Bambo Mfumu aimirira, apepesa za kuterereka kuja. Ati Chichewa n'chimodzimodzi ayezi, nawonso chawagwetsa. Kenako agwada pa ufa paja ndi maondo awo okalambawo kuonetsa mmene majaji ankachitira. Kuwadzutsa kwafunika amuna awiri.

Ndiye Tadala. Sindinamuitane. Wavula nsapato yekha, watsala ndi masokosi, wapita pakati. Pansi pa holo ndi pa matabwa opolishidwa, ufa nawo wathandiza. Waima pa mwendo umodzi, wazungulira, wazungulira, manja wakokera pachifuwa, liwiro lakwera mpaka nkhope osaoneka. Waima nji, osadzandira. Nthungululu! Wayambitsa ndi mayi uja woyang'ana mimba.

Ine ndinali kuti? Ndinali kumwamba, chiuno ndaiwala.

Nthawi ya mafunso. Amayi a Juniyo aimika dzanja. Ati ana amenewa amapita maiko akunja? Ndati chaka chilichonse dziko lina. Pa ndege? Pa ndege. Amaoneka pa kanema? Ndati dziko lonse limawaona. Anyamata amaloledwa? Apa ndathira mchere. Ndati anyamata ndiye osowa, makochi amachita kuwalimbirana. Ati: "Ndiye mwati mpikisanowu ngwa ayani?" Ine chifuwa patsogolo: wa majuniyo!

Angoti "Oho," n'kukhala pansi.

Agonja! Potuluka andipatsa paketi ya usipa yaulere, ati ufa uja ndisalipire. A Chikuse, amene lero ajomba ku Belfast, andipatsa moni wa manja awiri. Ndatumiza kale vidiyo ku Lilongwe kuti amayi adye.

Ndinati wina achita manyazi, ndipo wachita. Sindinatukwane munthu. Lero ndigona ngati khanda, chiuno chikandilola.

Lamulungu

Misa yatha. A Chikuse andipeza pakhomo la tchalitchi, akulankhula ndi nsapato zawo. Ati mayi, dzulo munalankhula bwino kwambiri. Ati mwina munachita kupitiriza. Ati kunyumba sanagone, amayi akhala akuonera mavidiyo mpaka kucha.

Mpando uja ndi wa Juniyo.

Amayi ake afika okha kudzatsindika, mano onse ali panja. "Amayi a Tadala, Mulungu anachita kukutumani. Ife dzina tinangopereka osadziwa, kani unali ulosi! Mpikisano uli kale m'dzina lake, tingamutsekereze bwanji mwana?" Ati Tadala azimulangizako pa foni. Ati mapepala anga a mbiri aja ndiwabwereke. Afunsanso ngati nsapato za mipeni zija zimatambasuka.

Ndatsegula pakamwa. Chitukwano chija ndachisunga sabata yonse chafika pa lilime, chathunthu, ndi mfunda wawo womwe. Ndacheuka, Bambo Mfumu aima kumbuyo kwanga, ndipo Chichewa cha mtundu umenewo amachimva bwino kuposa tonse. Ndameza. Ndati zikomo.

Kulima ine, kupalira ine, chimanga chalowa m'nkhokwe ya eni galimoto. Basi, galimoto ndi yawo.

Tadala ndamuuza m'basi. Sanalire. Wangoyang'ana pa windo mpaka Blanchardstown. Bola akanalira.

Masana tapita ku chitenti, komaliza. Panja malole aima kale, amuna a majekete achikasu akusuta, akudikira ana atuluke. Ayezi wayamba kuchucha m'mbali. Tadala wazungulira limodzi ndi anzake, ine ndagwira mpanda, chiuno chikundikumbutsa za Lachisanu.

Belu lalira, ana onse atuluka, iye watsalira. Wabwera pakona pafupi ndi ine, pamene mizere ya anthu ili yochepa. Waima pa mwendo umodzi, wajambula eyiti. Wabwerezanso pa mzere womwewo, pang'onopang'ono, mwakale muja, zimene eni ake anazisiya.

Ndatsegula kachitseko. Mlonda akukuwa kuti nsapato wamba siziloledwa. Akuwe. Ndagwada pa ayezi ndi chitenje changa cha ku Misa, ndawerama, ndatsata mzerewo ndi maso kuchokera poyambira mpaka pothera. Ndi umodzi. Sanaphonye.

Ndati: "Sikisi."

Wandiyang'ana. Ndiye m'Chichewa, Chichewa chenicheni chotuluka pakamwa pake: "Amayi, dzukani. Munyowa."

Kundidzutsa kwafunika iyeyo ndi mlonda yemwe uja.

Nsapato za mipeni tazipukuta, tazikulunga m'thaulo, ndaziika m'katoni yoyamba ya msamuko. Kumene katoniyo ikupita sindikudziwa. Mawa shifiti ya m'mawa. Chitenje ndayanika pa chitseko cha wadiropu, pa maondo sipanaume.